Supercharger Ikayamba Kusokosa: Kabuku ka Okonza Okha Galimoto Pakhomo

Mawu oyamba

Magalimoto ambiri amene tikugula masiku ano amafika atayenda kale mitunda yaitali ku Japan, ku Britain kapena ku South Africa. Ena amabwera ndi chipangizo chimene mwini wake amachidziwa tsiku limene chayamba kusokosa, ndicho supercharger. Muli nayo ngati galimoto yanu ndi Mercedes-Benz yolembedwa Kompressor, monga C180 ndi C200. Mini Cooper S ya 2002 mpaka 2006. Nissan Note yolembedwa DIG-S, ya injini ya HR12DDR, imene inayamba kutuluka mu 2012. Volkswagen ya 1.4 TSI ya mtundu uja wokhala ndi turbo ndi supercharger pamodzi. Kapena Jaguar ndi Range Rover zolembedwa Supercharged.

Phokoso likangomveka kutsogoloko, yankho la kugalaja silichedwa: "Yatha imeneyi bwana, itanitsani ina." Nthawi zina amakaniko amakhala akunena zoona. Koma mwa zimene ndaona, maphokoso ambiri amene supercharger imanamiziridwa sachokera mwa iyo n'komwe, ndipo ochokeradi mwa iyo kawirikawiri amatha ndi kambale kamodzi ka pulasitiki, oyilo wosadzaza kapu ya tiyi, kapena lamba watsopano.

Kabuku kano n'ka inu amene muli ndi masipanala anu pakhomo ndipo munasinthapo mabuleki kapena alitaneta. Zitsanzo zake zatengedwa pa ma supercharger a kampani ya Eaton, amene ali m'magalimoto ambiri otere, makamaka M45 ya mu Mini ndi M90 ya mu injini ya 3.8 ya General Motors. Kamangidwe ka mabawuti kamasiyana galimoto ndi galimoto, choncho buku la galimoto yanu likhale pafupi.

Mvukuto wachitsulo

Amene munaonapo wosula makasu akupemerera moto ndi mvukuto mwamvetsa kale theka la nkhaniyi. Injini imawotcha petulo molingana ndi mpweya umene yalandira. Supercharger imaikankhira mpweya woposa umene ikanakoka yokha, kompyuta ya galimoto n'kuwonjezera petulo, mphamvu n'kukwera. Kufanana ndi mvukutoku sindinachite kupeka. Abale awiri, Philander ndi Francis Roots a ku Connersville m'chigawo cha Indiana, analembetsa luso limeneli mu 1860, ndipo makina awo ankapemerera ng'anjo zosungunulira chitsulo galimoto isanabadwe.

Turbo imazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, pamene supercharger imakokedwa ndi lamba. Musaiwale mfundo imeneyi pofufuza: phokoso la supercharger limatsata kulira kwa injini, osati kuthamanga kwa matayala. Phokoso lomveka pokhapokha galimoto ikamayenda, n'kumakula ndi liwiro la pamsewu, kalifuneni ku maberingi a matayala kapena ku giyabokosi.

Tiyambire kutsogolo. Pali pule imene lamba amakoka. Puleyo yakhazikika pa shafuti yodutsa m'khosi la aluminiyamu limene amakaniko amati snout. Muno tizilitchula kuti mphuno. M'mphunomo muli maberingi awiri ndi sili yotchinga oyilo. Kumapeto kwa shafuti kuli coupler, kambale ka pulasitiki yolimba kokhala ndi mabowo 6, atatu olowamo zikhomo za shafuti, atatu olowamo zikhomo za giya. Kenako pali magiya awiri osambira mu oyilo wawowawo, wosakhudzana ndi wa injini. Magiyawo amazunguza ma rotor awiri, ooneka ngati timisi tokhala ndi nthiti zitatu zopotoka. Ma rotor amalowana ngati zala za manja awiri koma sakhudzana, ndiponso sakhudza khoma la bokosi lawo. Mpata wake ndi wonga kuchindikala kwa pepala limodzi kapena awiri. Kumbuyo atsamira pa maberingi a timasingano, odzaza girizi. Chomaliza ndi bypass valve, kachitseko kamene kamakhala kotsegula injini ikamalira pang'ono, n'kutseka mukaponda moto.

Nambala ya pa dzina imanena mpweya wokankhidwa pa kuzungulira kamodzi: M45 ndi pafupifupi 750 ml, M62 lita imodzi, M90 lita ndi theka. Ma rotor amazungulira pafupifupi kawiri kuposa injini, ndiye injini ikafika 6,000 pa mphindi, iwo ayandikira 12,000. Pa liwiro limenelo washa imodzi yogwera m'katimo ndi maliro a supercharger, mwinanso a injini.

Khutu liyambe, sipanala pambuyo

Imikani galimoto pabwalo, osati m'galaja yotseka, chifukwa mu utsi muli mpweya wakupha umene sununkha. Kokani handibuleki. Vulani tayi, pindani manja a malaya, ndipo amayi mangani bwino chitenje ndi tsitsi, poti lamba akagwira nsalu amakoka ndi dzanja lomwe. Ana aonere patali.

Chida chanu chachikulu ndi sikuludiraiva yaitali. Nsonga yake igunde pachitsulo chosazungulira, chigwiriro chigunde pakhutu. Mvetserani kunsonga kwa mphuno pafupi ndi pule, patsinde pake pamene pali magiya, ndi kumbuyo kwa bokosi. Mukatero pitani pa alitaneta, pa bawuti ya kawilo kokokera lamba kotchedwa tensioner, ndi pa kompuresa ya eyakoni. Chitani zimenezi m'mawa injini isanatenthe, mudzabwerezenso mutayenda mphindi 20. Pamene phokoso likuboola khutu kwambiri ndi pamene pali nkhani.

Kulira kosalala kwa *wiii*, kokwera mukaponda moto n'kutsika mukasiya, ngati likhweru lakutali, ndi mawu ake achibadwa. Musatayepo ndalama.

Phokoso limene limazunguza anthu ambiri ndi la *gwedegwede*, ngati timiyala m'chitini. Limamveka galimoto itaima injini ikulira yokha, limakula mukayatsa eyakoni, limazimiririka mukakweza injini pang'ono, ndipo nthawi zina limamaliza ndi *gwe* mukazimitsa. Ameneyu ndi coupler. Injini ikamalira pang'ono sizungulira mosalala, imachita kukankha mwa apo ndi apo, pamene ma rotor olemerawo amafuna kuzungulira mosadukiza. Kukokana konseko kumathera pa kambale kaja. Pakapita zaka mabowo ake amakula, zikhomo n'kumagunda uku ndi uku. Mukaponda moto lamba amakoka mbali imodzi mosalekeza, mpata n'kutsekeka, phokoso n'kutha. Ma Jaguar ndi ma Range Rover a injini za 3.0 ndi 5.0 ali ndi coupler ya sipuling'i, ndipo sipuling'iyo imadya shafuti mpaka kukumba kamsewu. Kulira kwake n'komweku. Galimoto siifa nalo lero, koma musalekerere miyezi yambiri.

Kulira kwa *grrr*, ngati chigayo chimene chatha chimanga, kosatha mukaponda moto koma kumakula ndithu, ndi beringi. Kukakhala pafupi ndi pule, ndi maberingi a m'mphuno, ndipo kawirikawiri mupeza kuseri kwa pule kuli konyowa, fumbi litamatirira oyilo. Kukakhala kumbuyo kwa bokosi, ndi a timasingano aja: girizi wawo wauma. Amenewa ndiwo oopsa, chifukwa akagwedera ma rotor amayamba kupala khoma.

*Tswiii* wa m'mawa, wa nyengo ya mvula, kapena womveka mukaponda moto mwadzidzidzi, ndi lamba. Yang'anani ufa wakuda wa labala pamphuno ndi ming'alu pa lambayo. Donthezani timadzi pa lamba injini ikulira, dzanja lili patali: phokoso likasintha nthawi yomweyo, vuto ndi lamba, tensioner yofooka kapena mapule osayang'anizana, chifukwa beringi silabadira madzi. Chizolowezi chopaka lamba sopo, kandulo kapena buleki fuluwidi chisiyeni. Chimatontholetsa phokoso masiku awiri, koma lamba woterera sakoka supercharger mokwanira, ndipo labala imawonongeka msanga.

*Psiii* ndi mpweya wothawa kapena wolowa pamene sufunika. Injini imanjenjemera, nthawi zina nyali ya injini imayaka. Apa sikuludiraiva ilibe ntchito; tengani chidutswa cha payipi ya madzi, mbali ina kukhutu, ina muziyendetsa m'molumikizira mapayipi. Pa supercharger zimene bypass valve yake imakokedwa ndi kapayipi ka mpweya, onani kamkono kake: kayenera kusuntha injini ikangolira, n'kubwerera mukaponda moto. Kakapanda kusuntha, yambirani pa kapayipiko, kamene kamauma n'kung'aluka ndi kutentha. Galimoto yofooka pamtunda koma yosasokosa, nthawi zambiri ndi kachitseko aka kakukanika kutseka.

Pa Nissan Note, pa 1.4 TSI ndi pa ma Kompressor ena akale mumamveka *kho* kamodzi mukaponda moto. Imeneyo ndi kilatchi ya maginito imene imalumikiza supercharger ikafunika. Pa TSI kilatchiyo ili pa pampu ya madzi, ndipo imamasula injini ikafika cha pa 3,500, turbo n'kupitiriza yokha. Si matenda.

Koma mukamva zitsulo zikukhulana, *khwekhwerere*, zimitsani pomwepo. Ma rotor akukhudzana kapena ameza chinthu, ndipo tizidutswa take tikupita m'masilinda. Galimoto ichite kukokedwa.

Mini ili ndi msampha wakewake. Pampu yake ya madzi imazunguzidwa ndi supercharger kudzera m'timagiya tiwiri takumbuyo, tokhala m'kachipinda ka oyilo wochepa kwambiri. Oyiloyo akatha timagiyato timadyana, pampu n'kuima, injini n'kuwira. Mukamva kukukuta mbali ya pampu, muziyang'ana muvi wa kutentha ngati mphika wa mkaka uli pamoto.

Onamizira

Injini ya M271 ya ma C180 ndi C200 Kompressor imadziwika ndi tcheni cha taimingi chimene chimatalika ndi mano a magiya ake amene amatha. Kulira kwake ndi *thethethe* wa masekondi ochepa mukaliza m'mawa. Ameneyu si Kompressor, ndipo ndi wofunika changu kuposa coupler, chifukwa tcheni chikadumpha mavavu amagundana ndi mapisitoni. Pule ya alitaneta nayo, ya mtundu uja wogwira mbali imodzi, ikauma imagwedeza lamba ndi tensioner, phokoso n'kumamveka ngati likuchokera pamphuno. Mnzanga wina anagula supercharger yathunthu yochotsedwa m'galimoto ina, anataya Loweruka lonse akuimanga, ataliza injini *gwedegwede* anali pomwepo. Inali pule ya alitaneta, chinthu chokwana m'dzanja.

Palinso kulira kwa *ngwengwengwe*, ngati misomali m'botolo, komveka mukamakwera mtunda monga wa ku Golomoti kapena ku Chiweta mutanyamula katundu. Ameneyo ndi petulo akuphulika nthawi yake isanakwane. Fufuzani mapulagi, kutentha kwa injini ndi kumene mumathira mafuta. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu sagwirizana ndi injini zoterezi. Kumbukiraninso kuti injini ya Note ndi ya masilinda atatu, ndiye kanjenje pang'ono ikaima n'kobadwa nako.

Dzanja litsimikize zimene khutu lamva

Zimitsani injini, izizire, chotsani waya wa negetivi pa batire. Jambulani pa foni mmene lamba wadutsira, kenako mchotseni. Gwirani pule ya supercharger muipotoze pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere. Yabwino imakoka ma rotor nthawi yomweyo. Ikayenda kaye yokha kampata, n'kumveka *kho, kho* isanagwire, coupler yatha. Ikankheni m'mwamba ndi pansi, muikokere kunja ndi kuibwezera m'kati: kugwedera kulikonse ndi maberingi a m'mphuno. Izunguzeni yonse kangapo. Izipita mosalala, ikupuma kamphepo. Ikamagwira pena n'kumasuka pena, kapena kumveka ngati muli mchenga, vuto lili m'kati. Pa supercharger za kilatchi, pule imazungulira yokha injini ikazima, ndiye potozani mbale ya kilatchiyo.

Lamba ali pansi choncho, zunguzani mapule ena onse limodzilimodzi. Kawilo kabwino kamazungulira mwakachetechete n'kuima msanga. Kouma kamathamanga nthawi yaitali kakulira *shaaa*. Kumene supercharger ili ndi lamba wakewake, monga pa 3.8 ya General Motors, mukhoza kuliza injini kwa mphindi imodzi popanda lambayo n'kumva ngati phokoso latha. Pa Mini ndi pa M271 lamba ndi mmodzi yemwe amayendetsanso pampu ya madzi, choncho musapitirire masekondi ochepa.

Musanamasule bawuti yoyamba

Zida zosinthira zifike kaye. Coupler, masili, maberingi ndi oyilo nthawi zambiri zimachita kuitanitsidwa kunja, ndipo supercharger yotsegula ikadikira milungu itatu pakhonde imadzaza fumbi. Poitanitsa perekani nambala ya chasisi ndi nambala yolembedwa pa supercharger. Ngati galimotoyo ndi imene imaperekeza ana kusukulu kapena kunyamula katundu wa geni, gwirizanani pabanja za masiku amene ikhale itaima.

Mufunika masoketi, ma Allen key, sipanala yoyezera mphamvu ya kamangidwe, sirinji yaikulu ndi kapayipi kake, nyundo ya labala, chokokera pule, nsalu zoyera zosathothoka, ndi mankhwala omatira a mtundu wa Loctite 518. Ntchito ichitikire patebulo, m'nyumba mosalowa mphepo, mutayala katoni yoyera. Pansi pa mtengo wa mango ndi pabwino posintha tayala, osati pano.

Tsukani injini kunja musanatsegule chilichonse. Mukangochotsa supercharger, tsekani pakamwa pa injini ndi nsalu yoyera ndi tepi, ndipo werengani mabawuti ndi mawasha onse, muwaike m'timapepala tolembedwa kumene achokera. Pa Note ndi TSI musakhudze mapayipi achitsulo a petulo. Mphamvu ya m'menemo imatha kupitirira 100 bar, yokwanira kuboola khungu.

Oyilo

Opanga magalimoto ena ankanena kuti oyiloyu sasinthidwa moyo wonse wa galimoto. Galimoto zathu zambiri zinadutsa kale moyo umene iwo ankawerengera. Ine ndimati galimoto ikangofika m'manja mwanu, oyiloyu aonedwe.

Pukutani mozungulira pulagi ya pamphuno, muimasule ndi Allen key yokwana bwino. Pa M90 ndi ya 3/16 inchi. Kokani oyilo wakale ndi sirinji ndi kumuthira m'botolo loonekera m'kati. Fungo lake lisakuopseni. Oyilo wa supercharger amanunkha ngati masokosi oiwalika m'nsapato, ndipo akakugwerani pa malaya, akunyumba akuuzani okha. Chofunika ndi kuchuluka ndi maonekedwe ake. Wakuda koma wokwanira, wangokalamba. Wonyezimira tizitsulo, beringi kapena giya ikutha. Wochepa kwambiri kunja kuli kouma, ndiye kuti masili a m'kati akumudutsitsa kupita kwa ma rotor.

M90 imalowa pakati pa 200 ml ndi 240 ml, ndipo muyeso wake ndi kufika m'munsi mwa bowo la pulagi galimoto itaima pathyathyathya. M45 ya Mini imalowa pafupifupi 140 ml kumphuno ndi 40 ml kumbuyo, ndipo kuti mufike kumbuyoko supercharger iyenera kuchoka m'galimoto. Thirani oyilo wopangidwira supercharger basi, monga wa General Motors wa nambala 12345982. Wa injini, wa giyabokosi ndi wa difu sanapangidwire liwiro ndi kutentha kwa m'menemo. Musadzazitse, chifukwa wochuluka amachita thovu n'kukankha sili. Wakaleyo mutsekere m'botolo, mukasiye kugalaja yosonkhanitsa oyilo wakale. Asatayidwe pafupi ndi chitsime, mjigo kapena dimba, ndipo beseni la kukhitchini lisalowe nawo ntchitoyi.

Kutsegula mphuno ndi kusintha coupler

Oyilo atachoka, masulani mabawuti a mphuno pang'onopang'ono modumphadumpha. Ena ndi aatali kuposa anzawo. Boolani katoni muwabaye motsatira malo awo. Mphuno imakhala itamatirira ndiponso itagwidwa ndi tizikhomo tiwiri tolondolera. Igogodeni m'mbali ndi nyundo ya labala mpaka ilekane. Musakhomere sikuludiraiva kapena tchizulo pamsoko. Pamenepo palibe gasiketi, ndi aluminiyamu pa aluminiyamu, ndipo bala limodzi lidzadontha mpaka kalekale. Samalaninso kuti mbale yonyamula ma rotor isatuluke limodzi ndi mphuno; mabawuti omwewo ndiwo amagwira zonse ziwiri, ndiye wina aigwirizire.

Coupler yakale imangosololoka. Yerekezani ndi yatsopano muone mmene mabowo akulira. Yang'anani zikhomo zonse 6. Zikhale zosalala ndi zosagwedera. Onani mano a magiya ndi tochi. Yatsopano imalowa mothina, ndipo kuthinako ndiye mankhwala ake. Ipakeni kaoyilo, muikankhire pa zikhomo za giya molunjika ndi zala kapena kathabwa. Kumene kunali coupler ya sipuling'i, ambiri amaika yopanda sipuling'i. Imakhalitsa, koma dziwiranitu kuti imadutsitsa kulira kwa magiya pang'ono injini ikamalira yokha.

Palani zomatira zakale ndi kapulasitiki, monga khadi yakale ya kubanki, mupukute mpaka pauma. Pakani Loctite 518 mopyapyala mbali imodzi, mozungulira bowo lililonse la bawuti. Silikoni ayi: amachindikala, ndipo wofinyikira m'kati amakasakanikirana ndi oyilo. Lunjikitsani zikhomo za shafuti pa mabowo atatu otsala, mphuno ikhale pansi ndi manja okha. Ikakana, itulutseni muyambirenso. Kuikokera ndi mabawuti kumaswa coupler yatsopano tsiku lomwelo. Mangani modumphadumpha mpaka pa nambala ya m'buku. Aluminiyamu safuna dzanja lomangira mawilo a lole.

Maberingi

Ngati pule imagwedera kapena sili ikudontha, pule iyenera kuchoka. Inachita kukanikizidwa pa shafuti mwamphamvu, ndipo imafuna chokokera chogwira pakhosi pake. Chokokera wamba cha miyendo itatu chimapinda milomo ya pule, nyundo imapha maberingi. Yezani ndi kulemba pamene pule inalekezera pa shafuti musanaichotse, chifukwa ikabwerera mopitirira kapena moperewera ngakhale pang'ono, lamba azidyeka m'mbali.

Kutulutsa shafuti ndi kulowetsa maberingi atsopano kumafuna makina okanikizira. Ngati mulibe, nyamulani mphuno yokhayo mupite nayo kwa odziwa za lefu ndi press, muime pomwepo akugwira. Beringi yolowa m'bowo imakanikizidwa pa mkombero wakunja, yolowa pa shafuti pa mkombero wam'kati. Mphamvu ikadutsa m'timipira, beringi yatsopano yavulala isanayambe ntchito. Kuika shafuti m'filiji usiku wonse, ndi kuwotha mphuno padzuwa la masana, kumapeputsa ntchitoyi. Sili yatsopano ipakidwe kaoyilo pamlomo.

Kuti mufike pa maberingi a timasingano, sololani mbale ya ma rotor yonse, molunjika, ndi kuigoneka pansalu yofewa. Yezani kuzama kwa maberingi akale. Amakhala m'mabowo osatulukira kuseri, choncho amafuna chokokera cholowa m'kati n'kutambasuka. Tchizulo imang'amba bokosi. Atsopano amabwera ndi girizi wawo wopirira kutentha. Musamutsuke, musawonjezere girizi wamba. Akanikizeni mbali yolembedwa manambala, mpaka pa kuzama kumene munayeza.

Ma rotor ali ndi utoto wapadera wotseka mpata pakati pawo. Apukuteni ndi nsalu yofewa yonyowetsa madzi ofunda a sopo, osafikitsa madzi kumaberingi. Tinala ndi mankhwala otsukira kabuleta zimasupula utotowo, ndipo sitiliwulu, sandipepa, mchenga ndi phulusa zisiyireni mapoto. Kaoyilo kakuda pang'ono pa ma rotor kamachokera ku mpweya wa mu injini, si vuto.

Polekezera

Magiya awiri aja musawachotse pa ma rotor. Anakanikizidwa kufakitale ma rotor atayezedwa ndi zida zimene pakhomo palibe, ndipo akaphonya ndi kachigawo kakang'ono ka milimita, ma rotor amagundana injini ikangolira. Masili ndi maberingi a m'mbale imeneyo ali kuseri kwa magiyawo, ndiye akatha, ntchito yakukulirani. Chimodzimodzi mukapeza mizere yozama yokola chikhadabo m'khoma la bokosi, nthiti ya rotor yobenthuka, kapena ma rotor ogwedera n'kukhudzana. Apo amakaniko aja ananena zoona: funani katswiri wa ma supercharger kapena gulani ina.

Pogula yogwiritsidwa kale ntchito, kumbukirani za chikomekome cha mkuyu. Yotsukidwa n'kupoperedwa utoto wasiliva si ndiye yabwino. Potozani pule monga mwaphunzira, suzumirani pakamwa pake ndi tochi, ndipo pemphani kuti atsegule pulagi ya oyilo muli pomwepo. Wogulitsa akakana, pitani kwina.

Kubwezera ndi kuliza

Ma rotor akabwerera m'bokosi ndi mphuno itamangidwa, zunguzani pule ndi dzanja maulendo 20 kapena kupitirira musananyamule supercharger patebulo. Pasamveke kukhudzana kulikonse. Thirani oyilo, mangani pulagi. Chotsani nsalu zija pakamwa pa injini, muziwerenge ngati zakwana, muwerengenso mawasha. Ikani magasiketi atsopano. Lamba ndi tensioner zikakhala zokayikitsa, sinthirani limodzi.

Lizani injini, muisiye ilire yokha mphindi 10 mukumvetsera malo aja ndi sikuludiraiva. Pa Mini onetsetsani kuti madzi adzazidwa ndipo mpweya wachoka m'mapayipi. Ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wofatsa. Mukabwerera gwirani pepala loyera kunsi kwa mphuno muone ngati pali dontho, mudzaonenso pakatha sabata.

Fumbi ndi pule yaing'ono

Chimene chimapha supercharger kwathu kuno koposa zonse ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, galimoto yoyenda misewu yadothi imameza dothi lambiri, ndipo lodutsa sefa limapala utoto wa ma rotor pang'onopang'ono mpaka mphamvu itatha popanda phokoso lililonse. Sefa ya mpweya, imene amakaniko amati eyakilina, muziiona mwezi uliwonse nyengo imeneyi, ndipo muziisintha nthawi ya m'buku isanakwane. Kuipopera ndi kompuresa yamphamvu kumaboola pepala lake timabowo tosaoneka. Tsegulani payipi ya kuseri kwa sefa mupitemo chala; mukatulutsa fumbi, sefa kapena chivindikiro chake chikudutsitsa.

Anyamata ena adzakuuzani kuti muike pule yocheperako kuti galimoto iziuluka. Pa Mini yotchuka ndi yochepetsedwa ndi 15 peresenti. Mphamvu imakweradi, koma walira mvula walira matope: mpweya umatentha kwambiri, maberingi amathamanga kuposa kale, lamba amaterera, ndipo *ngwengwengwe* uja amayandikira, makamaka mu Okutobala. Pa galimoto imene banja limadalira, sindikulimbikitsani.

Mukamaliza zonse, lembani pa kapepala tsiku, makilomita, oyilo amene mwathira ndi zimene mwasintha, mukasunge pamodzi ndi bulubuku. Galimoto ikayenda makilomita 50,000 kuchokera pamenepo, mudzatsegulenso pulagi ija.